Nandolo amene ndinanyowetsa ndekha

Mwana wanga Esinati, wa Fomu 3, atayamba kumwa mankhwala a matenda ovutika maganizo, anayamba kuiwalaiwala. Ukam'tuma mchere ankabwera ndi machesi. Zinkanditopetsa kwabasi.

Tsiku lina ndinayanika nandolo pamphasa n'kupita ku Chiringa osauza munthu. Kunagwa mvula yadzidzidzi, nandolo yense ananyowa. Bambo ake a Esinati atayamba kukalipa, pakamwa panga panafulumira. "Ndinamuuza Esinati kuti aanule. Ndi mankhwala akewa."

Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pepani amayi, sindikukumbuka n'komwe."

Akanakumbuka bwanji mawu amene sindinanene?

Sabata yotsatira ndinam'perekeza kuchipatala. Adokotala atam'funsa ngati kuiwalako kukuchuluka, iye anatchula za nandolo uja. Iwo analemba m'buku lake la kuchipatala, n'kunena kuti mwina asinthe mankhwala, omwewo amene anam'thandiza kubwerera kusukulu. Ine ndinali pabenchi pomwepo, mayi wamkulu ndithu, nditavala chitenje cha kumpingo, ndikuyang'ana zala zanga zakuphazi.

Nandolo uja tinamuyanikanso, anauma, tinadya. Koma bodza langa likadali m'buku muja, lolembedwa ndi dzanja la adokotala, ndipo amene amasunga bukulo ndine.