Chaka Chimene Wongani Anamukhazika Kutsogolo

Senderani kuno, ana inu, mawu anga safikanso patali.

Ndikamva fungo la dothi lozira kumene, ndimaona kalasi ya sukulu yathu ya mishoni kumtunda kwa Phwezi, mlongo wanga Wongani ali pakona pake. Wongani sankayang'ana munthu m'maso. Phokoso likachuluka ankatseka makutu n'kumadzigwedeza, anthu n'kumati anamulodza. Mdzukulu wanga namwino uja akuti masiku ano amati otizimu. Ine anandilembetsa sukulu kuti ndizimuyang'anira basi.

Aphunzitsi athu, a NyaGondwe, anamumvetsa. Anamuika kumbuyo, kutali ndi chitseko, naimika mphasa pambali pake kuti asamaone ana akudutsadutsa. Njerwa yake yokhalira sinkasunthidwa, ngakhale Lachisanu atsikanafe tikamazira pansi tinkangoizungulira. Pakhoma anamujambulira ndi makala za tsikulo motsatana, kuyambira pemphero mpaka njira ya kunyumba. Apo ankakhala phee, akuwerengera nthanga za maungu, ndipo dzinja limenelo pa mayeso a masamu anaposa onse.

Ndiye panaipira pamenepo. Mwambo wa pasukulupo unali wakuti wopambana azikhala kutsogolo penipeni, pafupi ndi chitseko, pomwe ankapachika chitsulo cha belu. A hedi, mkulu wa mpingo wofatsa ndithu, anabwera okha kudzanyamula njerwa ija. A NyaGondwe anati, "Bambo, musiyeni, pakonapo pamuyanja chomene." Iwo anati, "Mwana wakhoza, ndimubise kumbuyo ngati wolephera? Makolo ake andiona bwanji?" Ndipo abambo athu anakondweradi, mpaka anapha nkhuku.

Lolemba belu linalira pamutu pake. Wongani anakuwa, anamenyetsa mutu kukhoma mpaka magazi, naluma mwana amene anayesa kumugwira. Anamukwapula, mawa lake chimodzimodzi. Sabata isanathe makolo ena anakadandaula, ndipo anamuchotsa. Woyang'aniridwa atachoka, woyang'anira akatsalirenji? Nane ndinabwerera kumunda, zilembo ndisanazigwire.

A NyaGondwe anawasamutsira ku Chiweta, sitinawaonenso. A hedi anakalamba ndi ulemu wawo, maliro awo anadzaza tchalitchi, ndipo sindikhulupirira kuti anadziwa chimene anachita. Wongani anaweta mbuzi za eni mpaka imvi, akulambalala njira ya kusukulu, ndipo tinamuika m'manda mvula yathayi. Ine mpaka lero, akati gogo sayinani apa, ndimapereka chala adinde.