Bambo Anapita Kukakana

Zaka zimenezo, galimoto yoyera ikaima pasukulu kwathu ku Jenala n'kuyamba kulemba maina, sitinkafunsa zambiri. Chiyambireni matipate, maina ankalembedwa pa chilichonse: feteleza wa m'timatumba, chimanga cha njala, maneti a udzudzu. Wochedwa ankangouzidwa kuti buku ladzaza. Ndiye nditamva kuti kwabwera anthu a zaumoyo ofuna madoda amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, ndinasiya khasu m'munda wa chinangwa n'kuthamanga kukalembetsa bambo anga. Sindinawafunse n'komwe.

Bambo anali ndi chifuwa cha zaka zambiri. Akayamba kutsokomola ankagwira mzati wa khonde mpaka chiwaleke. Ine sukulu ndinalekera sitandade faifi, nditamenyana ndi mnzanga pamaso pa aphunzitsi, choncho mawu oti kafukufuku amene anali pamwamba pa pepala ndinangowatenga ngati dzina lina la chithandizo.

"Ndakulembetsani. Lachinayi mukalandira mankhwala," ndinawauza monyada.

Anali akusoka mphasa, ndipo sanadzutse mutu. "Iwowo akufuna chiyani kwa ine?"

"Akuyezani, atengeko timagazi pang'ono."

"Ndiye akulandira ndani pamenepo, ine kapena iwo?"

Mtima wanga suchedwa kuwira. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinati umenewo ndi umbuli, ndinati akumvera nkhani za anamapopa ngati mwana, ndinati akadzafa anthu asadzanene kuti sitinawasamale. Chidebe ndinachimenya theche. Mayi anasuzumira pakhomo, kundiyang'ana, n'kubwereranso m'nyumba.

Bambo anadikira kuti nditope. Kenako anati, "Za anamapopa ndilibe nazo ntchito. Ndili mnyamata ngati iwe, anatiimika pamzere tili mbulanda, dokotala akutigogoda pachifuwa ngati akusankha mavwende pamsika. Anati changa n'chabwino. Chinali chabwinodi, n'chifukwa chake anachitenga. Lero abwera kudzaona chimene chinatsala."

Lachinayi m'mawa ndinawapeza atavala jekete lawo la kutchalitchi, nsapato atazipukuta. Mumtima ndinati nkhalamba yagonja.

"Popa njinga," anatero. "Dzina langa lili m'buku la eni ake. Munthu sakana ali kunyumba. Kukana kumafuna nkhope."

Ndinawakweza, ndikuganiza kuti akakaona azungu a zipewa ndi mabokosi a zipangizo asintha okha maganizo.

Azungu kunalibe. M'kalasi tinapeza namwino wamng'ono thupi, wa Chichewa cha m'tauni, ndi madoda ena atakhala pa mabenchi a ana. Itafika nthawi yathu, anawawerengera bambo pepala lonse pang'onopang'ono, osalumpha mzere. Iwo anamvetsera chipewa chili pa bondo.

"Mayi, ndifunse nawo. Zimenezi zichiritsa chifuwa changachi?"

"Ayi agogo, sindingakunamizeni. Tikufuna kudziwa mmene fumbi la mu mgodi limawonongera mapapo. Zidzathandiza ena m'tsogolo."

"Ena ake ati? Ana a kuno analeka kupita ku migodi."

"Alipo kwina amene akulowabe pansi."

Ine ndinali nditaimirira kale. "Ndiye mwatiitanira chiyani ngati mulibe mankhwala? Mukusewera ndi anthu akuluakulu?"

Bambo anandikoka thalauza. "Khala pansi, iwe. Mayiwa anena zoona. Amene anandilonjeza mankhwala ndi iwe, dzikalipire wekha." Madoda aja anaseka mpaka ena kutsokomola.

Kenako bambo anatembenukira kwa namwino. "Zikomo potiitana. Ntchito yanu si yoipa, ndipo anzangawa amene akufuna alowe. Koma thupi ili lagwirira ntchito anthu ena mokwanira. Masiku atsalawa ndikufuna likhale langa. Dzinalo mufufute bwinobwino, musamuimbe mlandu mwanayu."

Namwino sanawanyengerere. Anati ndi ufulu wawo, n'kudula dzina lija iwo akuona. Kenako anapempha kabuku kawo ka kuchipatala, analembamo kuti akayezetse makhololo, n'kunena kuti zimenezo n'zapadera, sizikukhudzana ndi kafukufuku.

Pobwerera ndinapalasa njinga. Manyazi anali atandigwira. Mphepo ya kuchigwa inkatiwomba kumaso, ndipo kumsana kwanga ndinkamva mpweya wawo ukulira ngati mluzu wothetheka. Pamalo pamene msewu uli ndi mchenga ndinatsika kuti ndikankhe, iwo ali pakaliyala. Apa m'pamene ndinazindikira mmene anapepukira.

"Unkafuna ndichire," anatero. "Ndikudziwa."

Ndinapitiriza kukankha njinga.

"Lolemba undiperekeze kuchipatala. Kumeneko ndipita monga wodwala, ndikapemphe ndekha. Koma iwe ukatsale panja ndi njinga, ungakandimenyere adokotala."

Ndinaseka ndisakufuna. Mchenga utatha sindinakwerenso. Ndinawakankha choncho mpaka kunyumba, dzanja lawo lili paphewa langa.