Nsalu Yofiira pa Mtengo wa Mango

Mayi anali ndi nsalu yofiira imene anagula kwa mmwenye ku Limbe, koma sindinawaonepo atavala. Ntchito yake inali kuyanikidwa pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Nancholi, ili youma kale, nthawi zina mvula ikugwa.

Inali nyengo ya nkhondo ya azungu, pamene asilikali ankagwira amuna m'midzi kuti akasenze katundu kumpoto. Amalume anali omasulira ku boma ku Blantyre, ndiye zonse zokonzedwa m'maofesi zinkadutsa m'makutu mwawo. Akafika kwathu n'kukana mpando, n'kungoti, "Achemwali, nsalu yanu ija yada," mayi ankadziwa kuti asilikali ali panjira. Kukacha, nsalu ili pamtengo, amuna onse ali m'phiri la Soche, ati kukadula nsungwi. Ngakhale aphunzitsi ankapita nawo. Nsungwi zake sitinazionepo.

Kwa ife ana, amenewo ndiwo anali masiku. Sukulu kunalibe, wotikalipira kunalibe. Tinkadya mango mpaka mano kuyayamira, utomoni utatiwotcha m'milomo, kenako n'kukadzigwetsa mumtsinje wofiira ndi matope. Asilikali akafika ankapeza amayi, mbuzi ndi ife. Sindibisa, nyengo yokoma ngati imeneyo sindinaionenso.

Kenako ku boma anadziwa zimene amalume ankachita. Mzungu wina wa mu ofesi yomweyo ankatsinanso khutu anzake a minda ya fodya kuti abise antchito awo, ndipo tauni yonse inkadziwa. Iyeyo anangomusamutsira ku Zomba. Amalume sanakane mlandu. Anawakwapula ndi chikoti masana pabwalo la boma, n'kuwasenzetsa katundu yemwe uja anathawitsa anzawo. Sanabwerenso.

Amuna ena a kwathu anali pomwepo tsikulo, atapita kukagulitsa nkhuni. Anaonerera, nkhuni n'kugulitsa. Lamulungu kutchalitchi panalibe wotchula amalume m'pemphero. Mayi akayamba nkhaniyo, yankho linali limodzi: "Za boma n'za boma, mayi. Za nsaluzo ife sitikuzidziwa." Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuposa chikoti chija.

Koma ine nthawiyo chimene chinkandiwawa chinali sukulu, chifukwa mango anali asanathe. Tsiku lina m'mamawa ndinatulutsa nsalu ija m'bokosi la mayi, n'kukaiyanika pa nthambi yake yomwe ija.

Dzuwa lisanakwere, m'mudzi munalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Makasu anawasiya m'minda, aphunzitsi anasiya belu pakhonde. Onse aja osadziwa za nsalu anali m'phiri.

Mayi anaima pakhomo akuyang'ana mudzi uli zii. Anaseka kwambiri, kenako anakhala pansi n'kudziphimba kumaso. Sanandimenye. Ine ndinaganiza kuti akondwera nane, ndipo ndinathamangira ku mango.