Phula wa mayi Gajda

Mayi Regina Gajda anabadwira m'ngalawa ndipo amakhalabe m'momwemo, pa ngalande yathu ya mumzinda wa Bydgoszcz. Ngalawayo ndi yachitsulo, inkanyamula mchenga masiku a bambo awo. Ine ndimatsegula zipata za madzi pafupi ndi pamene amakocheza, choncho za kwawo ndimazidziwa ngakhale ndisanafunse.

Zaka zitatu zilizonse amaikokera kumtunda, n'kupala dzimbiri kumimba kwake, n'kupaka phula wakuda. Bambo awo ankapaka phula, malemu amuna awo phula, iwonso phula. Penti iliyonse yachilendo amayamba aipaka kachigamba ngati chikhatho, n'kudikira tsiku lathunthu. Munthu wa phuma amawanyansa.

Chaka chatha anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo mwana wawo Iwona anawakonzera chipinda kufulati kwake, m'nyumba zosanjikizana za m'tauni. Anagwirizana kuti ngalawa ikapanda kubwerera m'madzi chisanu chisanayambe, mayiwo asamuka. Ngalawayo inali kale pamtunda kuti ipakidwe phula, koma apadoko anali atawapatsa malowo mpaka Lachisanu lokha, kupyola apo ngalawayo ikanakankhidwira pambali, n'kukhala pamtunda mpaka madzi oundana atasungunuka. Mayi Gajda ankachita mantha, poti anzawo onse amene anapita kumafulati kukangothawa chisanu sanabwererenso.

Lolemba anapita kuchipatala kukapimitsa maso. Mkamwini wawo Leszek, munthu wabwino mtima koma wokhulupirira zolembedwa pachitini kuposa anthu, anabwera ndi penti ya epokisi, ija yosakaniza zitini ziwiri. Ndinamuuza kuti adikire eni ake. Anati pentiyo imatha zaka khumi, akufuna apongozi ake apume. Dzuwa lisanapendeke anali atamaliza mbali imodzi yonse.

Lachiwiri m'mawa mbali ija inali itachita makwinya, phula akutulukira pamwamba mabangamabanga. Mayi Gajda ananyowetsa kasanza ndi thina wosungunulira penti, n'kupukuta mbali yosapakayo. Kasanzako kanada.

“Mwaona, bambo? Kakada chonchi ndiye kuti pansipa pali phula. Epokisi wanuyo amafuna chitsulo chosapakapo kanthu, pa phula sagwira. Kasanza kokha kanakukanikani?”

Leszek anangoti, “Pepani amayi,” maso ali pansi.

Panatsala masiku atatu, ndipo pentiyo inayenera kupalidwa yonse phula watsopano asanapakidwe. Anayamba awiriwo, ine ndikumathandiza ngalande ikakhala zii. Pofika Lachitatu masana tinali tisanafike ndi pakati pomwe.

Iwona anafika ndi sutikesi yodzanyamulira zovala za mayi ake. Anaima n'kumayang'ana mmene mwamuna wake amapalira, akukanda chitsulo ngati akupala mphika. Mtima sunamulole. Nayenso anabadwira m'ngalawamo, ndipo anayamba kupala asanayambe sukulu.

“Tabweretsa kuno iwe, ukuvulaza ngalawa ya amayi,” anatero, akumulanda chopalira.

Anapala mpaka zikhadabo zake zopakapaka zinathyoka. Lachinayi phula analowa kawiri, m'mawa ndi madzulo. Lachisanu ngalawa inatsetsereka kulowa m'madzi ikununkha monga inanunkhira nthawi zonse.

Mayi Gajda anakwera osagwiridwa dzanja, n'kuyatsa mbaula. Iwona anatola sutikesi yake yopanda kanthu. Ndinamufunsa kuti nanga chipinda chija atani nacho.

“Tiikamo njinga,” anatero, akupukuta misozi ndi dzanja la phula.