Choko cha Sajeni

Malume anga amandikwana. Ndiyambe ndi zimenezo, kuti ndikamawatamanda musamati ndikukokomeza poti ndi mlongo wa mayi anga. Munthu wanji wodya nthochi imodzi kwa mphindi khumi? Amasoka nsapato pakhonde la sitolo yogulitsa penti, ndipo ukawapatsa nsapato Lolemba usayerekeze kukaifunsa Lachiwiri. Amangokuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kukuuza kuti guluu sanaume. Mumsewu mwathu aliyense amawatchula kuti Sajeni. Ine amanditcha Singano, ati poti ndine telala, koma tonse timadziwa kuti amanena pakamwa pangapa.

Mendulo yawo imakhala m'kachitini ka polishi, pamodzi ndi timisomali ta zidendene. Nkhani yake sindinaimve kwa iwo ayi. Ndinaimva kwa bambo wina wonenepa, dalaivala wa basi, amene amabwera ndi nsapato zabwinobwino kuti amusokere, chonsecho akungofuna kukhala nawo pabenchi.

Bamboyo anali m'gulu lawo kunkhondo. Akuti tsiku lina adani anawathamangitsa mpaka kulowa m'munda wosiyidwa. Ali pakati pa mundawo, ng'ombe yosochera imene inali patsogolo pawo inangoti phuu! kutha. Apa m'pamene anadziwa kuti munda wonsewo munakwiriridwa mabomba. Kumbuyo, paphiri, mfuti zikulira. Anyamata onse anangoima pomwepo, wina akuitana mayi ake. Malume anavula vesiti yawo yoyera n'kuing'amba tizidutswa. Anagona chafufumimba, n'kuyamba kubaya nthaka ndi mpeni pang'onopang'ono. Pamene papezeka kuti pali bwino ankaikapo kansanza koyera, anzawo n'kumakwawa motsatira tinsanzato. Chipolopolo chinawalasa paphewa, iwo anangosinthira mpeni kudzanja linalo. Mtunda wongofanana ndi bwalo la mpira anauyenda maola asanu, ndipo anatulutsa amuna asanu ndi awiri amoyo.

Ine nkhaniyo ndinkaikonda monga mmene munthu amakondera nkhani yabwino. Sindinkadziwa kuti idzandikhudza.

Chaka chatha lole inandiponda pokhota pamsika, ndipo madokotala anadula mwendo wanga wakumanzere mmunsi mwa bondo. Anandipatsa wina wachitsulo. M'chipinda ndinaphunzira kuyenda nawo, kuchoka pabedi kufika pazenera. Koma ife timakhala pamwamba penipeni m'nyumba yosanja, ndipo kuti ufike pamsewu pali masitepe makumi anayi ndi awiri. Nditayesa koyamba ndinagubuduka masitepe asanu ndi limodzi, dzino n'kuguluka. Basi. Miyezi isanu inatha ndisanapondeko panja.

Kenako woyang'anira msika anatumiza uthenga. Malo anga osokerapo akhala otseka nthawi yaitali, ati, ndipo ofuna malo ndi ambiri. Ndikapanda kudzatsegula ndekha Lolemba, awapereka kwa wina. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikusokera pamenepo! Ndinalira, sindinama. Amuna anga anati azindibereka kumsana potsika ndi pokwera.

"Tsiku lililonse?" ndinawafunsa. "Ndine thumba la makala ine? Angowatenga malowo, ndatopa."

Loweruka m'mawa ndinamva kukwecha kunja kwa chitseko. Kwee, kwee, kenako zii. Kwee, kwee. Ola lathunthu linatha, ine mtima ukuwira, mpaka wina anagogoda. Anali malume, mawondo a buluku ali mbuu, choko chili m'manja.

"Singano, vala mwendo."

"Malume, ngati akutumani amuna angawo, mwangovutika."

"Sananditume munthu. Guluu wanga akuuma kusitolo, ndiye ndili ndi mpata. Vala."

Ndinawanena mawu amene sindingawabwereze pano. Iwo anangoima chilili, kudikira monga amadikirira guluu. Ndani angapikisane ndi munthu wotero? Ndinavala.

Nditasuzumira panja ndinangoti kukamwa yasa. Sitepe iliyonse inali ndi zizindikiro ziwiri za choko, mtanda ndi kamzere kozungulira. Nkhalamba ija inakwera masitepe onse chokwawa, kupapasa iliyonse ndi manja.

"Pamtanda mwendo wachitsulo, pozungulira wa Mulungu," anatero. "Wachitsulo uzitsogola. Yachisanu ndi chiwiri ndi yobenthuka kumphepete, n'kuona unagwa. Usayang'ane kumunsi. Ntchito yako ndi mtanda umodzi wokha, uwu uli apawu."

Anatsikira pasitepe yachitatu n'kutembenuka kuyang'ana kwa ine, kuti azitsika chambuyo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, phewa limodzi lolemala!

"Ndikagwa ndikupsinjani, malume."

"Ndiye usagwe."

Ndinagwira chitsulo cha m'mbali, thukuta lili kamukamu, n'kuika mwendo pamtanda woyamba. Unakhala. Wa Mulungu unatsatira. Malume sanandiyamikire, anangoloza mtanda wachiwiri ndi chala chawo chakuda ndi polishi. Aneba atamva kugunda kwa chitsulo anayamba kutsegula zitseko, iwo osatembenuka n'komwe anangoti, "Tsekani, si kanema uyu." Zitseko zonse zinatsekeka.

Pa sitepe yakhumi ndi chisanu ndinaima. Ndinawauza kuti ndikubwerera.

"Bwerera," anatero. "Kumwamba kuli khumi ndi asanu, ndipo kukwera sindinakuphunzitse."

"Ndinu oipa mtima inu!"

"Eya. Mtanda."

Ndinawafunsa, mwina pofuna kupumako, ngati m'munda muja sankaopa. Anaseka pang'ono. Anati ankaopa mpaka mano kuluma lilime. "Koma mantha ndi a munda wonse, Singano. Pamene ndinkabaya panali pongokwana chikhato. Pachikhato pokha munthu ungapapirire."

Tinapitirira, iwo chambuyo, ine chamtsogolo, mpweya wathu ukumveka m'khonde monsemo. Makumi atatu anakwana. Ndinayamba kuzolowera, ngakhale kuwaseka kuti dazi lawo likundithobwa m'maso. Titakhota komaliza ndinaona chitseko cha kumsewu chili chotsegula, dzuwa likulowa mpaka pansi. Ndinamva mabelu a njinga ndi mayi wogulitsa malalanje akukuwa. Miyezi isanu! Anatsala masitepe atatu okha. Ndinadzutsa mutu, n'kusiya chitsulo cha m'mbali, n'kutambasula mwendo kuti ndidumphe awiri nthawi imodzi.

"Ima!"

Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa pa malume chibadwire. Ndinauma pomwepo, mwendo uli m'malere. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zipsera sabata yathunthu. Nkhope yawo inali itasintha.

"Pepani malume, ndi atatu okha..."

"Nayenso anatero." Sanandisiye mkono. "Dalaivala uja amakuuzani za asanu ndi awiri. Anali asanu ndi atatu. Wamng'ono pa tonse ankakwawa kumbuyo kwanga penipeni, maola onse asanu osaphonya kansanza ngakhale kamodzi. Atangoona mitengo ya kumalire kwa munda, anaimirira n'kundidumpha. Panatsala mikono itatu."

Ndinamvetsa kuti mnyamatayo anaponda bomba. Ndinawaona misozi ikutsikira m'mphepete mwa magalasi, iwo osaipukuta, chifukwa dzanja lina linali pamkono panga, lina likuloza pansi. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaseka kuti ndi ozengereza, osadziwa chimene anasiya m'munda muja.

Ndinabweza mwendo. Ndinagwiranso chitsulo.

"Mtanda," anatero.

Masitepe atatu amenewo ananditengera nthawi yoposa khumi oyamba aja. Pomaliza mwendo wachitsulo unagunda simenti ya pansi, wa Mulungu n'kutsatira, ndipo ndinaima pakhomo mphepo ya mumsewu ikundiomba kumaso. Mayi wa malalanje anandiona n'kukuwa, "Atelala atsika!"

Malume anakhala pasitepe yomaliza ngati munthu amene watula katundu. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Lolemba ndikatsegula," ndinawauza. "Mubwera kudzanditsogolera?"

"Ndibwera mawa," anatero, osadzutsa mutu. "Pokwera wa Mulungu ndiye amatsogola. Zizindikiro zonse ndiyenera kulembanso."

"Nanga lero ndikwera bwanji?"

Anayang'ana kumwamba, masitepe onse makumi anayi ndi awiri aja, n'kutulutsa kachidutswa ka choko kamene kanatsala m'thumba.

"Khala apa upume, mwana wa mlongo wanga. Ndikamaliza ndikuitana."

Ndipo anagwada pasitepe yoyamba n'kuyamba kupapasa.