Munthu wa Pakona pa Chithunzi

Mng'ono wanga anapita ndi madzi chaka chija Shire anasefukira mpaka kukwirira minda ndi manda omwe. Anali msodzi ku Nyachikadza. Mkazi wake ndi ana awiri anawakweza m'bwato n'kuwasiya kumtunda, iye n'kubwerera kuti akapulumutse mbuzi. Mbuzi! Ndikanakhalapo ndikanamumanga ndi chingwe cha mbuzi zomwezo. Bwato lake analipeza litakodwa m'bango, lopanda munthu, ndi nkhafi yomwe munalibe.

Ine ndimakhala ku Bangula, ndimagulitsa misomali ndi malata pamsika. Mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wangayo, anabwera ndi anawo kudzakhala kwanga. Tinafufuza m'masukulu momwe munkagona anthu othawa madzi, kuchipatala cha ku boma, m'madambo monse momwe fungo linkatiitanira. Tinkapeza ng'ombe zotupa, nthawi zina anthu a eni. Wathu ayi.

Madzi ataphwera, abambo aang'ono, amene akuyang'anira banja lathu chimwalirireni bambo athu, anayamba kunena za kumeta. Kwathu maliro amatsekedwa ndi lumo. Mukameta ndiye kuti mwavomera: munthu wapita, mkazi wake ndi wamasiye, maukonde ake agawidwe. Ine ndinali nditatopa, ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndi pamene chithunzi chinabwera.

Chinagwera pa gulupu ya pa foni ya anthu akwathu. Anachitumiza ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma, ndi mawu akuti awa ndi anthu amene anavuulidwa tsidya la ku Mozambique, akusungidwa m'tchalitchi, amene akusowa m'bale ayang'ane. Anthu anakhala pansi pa simenti. Kumbuyo kwawo kunali khomo lotsegula, loyera mbee ndi dzuwa. A kutsogolo ankaoneka bwino, mpaka maluwa a zitenje zawo. Koma pakona, kumanzere kwa khomolo, panali munthu atatsamira khoma, bondo limodzi m'mwamba, mkono atauika pa bondopo. Nkhope yake inali mdima wokhawokha.

Mlamu anangoyang'ana kamodzi, n'kukhala pansi pa dothi.

"Alamu, ndi bambo a ana awa. Amakhala chonchi akamasoka ukonde."

"Anthu okhala chonchi ndi ambiri," ndinatero ine.

Foni yangayo ndiyenera kuifotokoza. Inagwa pa njinga miyezi ya m'mbuyo, sikirini n'kusweka, ndipo ndinakaikitsa ina kwa wokonza mafoni pamsika pathu pomwepa. Kuyambira pamenepo zinthu zoyera ndi zofiira zinkaoneka bwino, koma chilichonse chakuda chinkasanduka phula. Zithunzi za ukwati wa mwana wa mlongo wanga tinkaseka nazo, chifukwa tonse tinkaoneka mano ndi makolala a malaya basi. Tsiku limeneli palibe anaseka.

Ndinakweza kuwala mpaka kumapeto. Khomo lija linayera kwambiri, ngodya ija osasintha. Panja, ndi dzuwa la ku Bangula, sikirini inkangondionetsa nkhope yanga yomwe. Tinalowa m'nyumba, kutseka mawindo, kudzifunda chitenje kumutu ngati odwala malungo akufukiza, thukuta likudonthera pa galasi. Palibe.

Kenako mwana analira panja, mlamu n'kutembenuka foni ili m'manja. Inapendekeka. Atabweza maso anakuwa.

Mukaipendeketsa foni ija, kumtunda kwake kukaloza kutali ndi inu, mdima wonse unkasanduka phulusa. M'phulusamo munkatuluka mphuno, khutu, tsaya. Ndipo pa chipumi, mbali ya kumanzere, panali banga lakuda kuposa khungu lozungulira. Mng'ono wanga anali ndi chipsera pamalo omwewo. Anapsa ndi phala ali wokwawa, ndipo chipseracho sichinayere ngati zipsera zina, chinada.

Ndinathamangira kwa abambo aang'ono osavala ndi nsapato zomwe. Ndinawapendeketsera foni pamaso. Anayang'ana, kupukuta maso, kuyang'ananso.

"Ine ndikuona makala, mwanawe."

"Pendeketsani bwino, bambo. Apa, pa chipumi."

"Ndiye munthu wamoyo amafunika kumupendeketsa kuti aoneke?"

"Musandiyankhule choncho! Mukufuna kumeta msanga kuti mutenge maukonde?"

Mawu amenewo anali oipa ndipo anthu amene anali pa khonde anadzuka. Mkuluyo sanakweze mawu. Anati mkazi wa mwini sangakhale pakati mpaka kalekale, osadziwa ngati ndi wapabanja kapena wamasiye, ndipo abale ake akufunsa. Anandipatsa mpaka mwezi womwewo uthe. Ndikabwera ndi munthu, kapena ndi chithunzi choti aliyense achione osachipotokola, lumo libwerera m'thumba.

Ndinayamba kuyenda ndi chithunzi chija ngati wopemphetsa. Aliyense wokhala ndi foni yabwino ndinkamuimitsa. Mphunzitsi wina wa ku sekondale anachilandira pa foni yake: ngodya inali yobiriwira ngati madzi a pa chithaphwi, ndipo banga linali pa tsaya, osati pa chipumi. Namwino wina anachiona pa yake: nkhope inalipo, yotuwa, koma yosalala ngati yopaka dothi, yopanda banga lililonse. Ndinakwera minibasi mpaka ku Nchalo kwa mnzanga wa ku sukulu amene ndi kalaliki ku esiteti ya nzimbe, chifukwa foni yake ndi yodula kuposa njinga yamoto. Pa imeneyo mdima unali wakuya ngati chitsime. Ukasuntha chithunzi ndi chala, zakudazo zinkakoka mchira wofiirira zisanakhazikike. Tinachikulitsa mpaka nkhope kudzaza galasi lonse, n'kungoona timabokosi, tina takuda, tina takuda kwambiri.

"Akhoza kukhala iye," anatero mnzangayo. "Akhozanso kukhala ine."

Foni iliyonse inkandipatsa munthu wake. Madzulo ndikafika kunyumba, mlamu ankandilandira foni asanandilandire chikwama. Ankakhala nayo pa mkeka, ataipendeketsa, n'kumaitana ana: bwerani mudzaone abambo anu. Wamkulu ankavomera kuti ndi iwo. Wamng'ono ankati akuona mphaka.

Mapeto ake ndinapita kwa wokonza mafoni uja. Ndi bambo wa msinkhu wanga, tinkasewera mpira limodzi kalekale, ndipo pakamwa pake n'chimodzimodzi panga. Ndinamenya tebulo lake mpaka timisomali take tinabalalika.

"Iwe, unandiikira chiyani pa foni yanga? Sikirini yosaona anthu akuda?"

"Unasankha wekha, achimwene. Ndinakuonetsa ziwiri, iwe n'kuloza yotchipa."

"Sunandiuze kuti ndi yakhungu!"

"Unandifunsa? Tola zinthu zangazo kaye."

Ndinatola, chifukwa ndinkamufuna. Nditamufotokozera nkhani yonse, anasiya chipongwe. Anati kuchoka pa kuda kufika pa kuyera pali makwerero, ndipo sikirini iliyonse imawakwera mwanjira yake, zimene iwo amati gama. Ina imadumpha makwerero apansi onse n'kuwasandutsa mdima umodzi, ngati yangayi. Ina imawakweza mopitirira, zakuda n'kumaoneka zotuwa. Ndipo ukapendeketsa sikirini yotchipa, makwererowo amasokonekera, kusiyana kochepa kumakula, mwina chakuda pang'ono n'kuoneka chakuda kuposa chinzake.

"Ndiye chipserachi chilipo kapena palibe?"

"Sindikudziwa. Pamenepo pali kanthu. Kaya ndi chipsera, kaya ndi litsiro la chithunzi."

"Ndiikire yodula ija. Lero lomwe."

"Ndikhoza kukuikira, koma ndikhala ndikukubera. Taona apa."

Anandionetsa timizere tating'ono todutsana ngati ukonde pa chithunzi chonse, ndi kachinthu kowala m'mphepete kokhala ngati chala. Anati ichi si chithunzi cha anthu a m'tchalitchi. Ndi chithunzi cha foni ina imene inkaonetsa anthuwo. Munthu anajambula galasi la mnzake. Zonse zimene foni yoyambayo inameza mu mdima zinathera pomwepo, ndipo palibe sikirini padziko lino ingazilavule.

Mayi wa nsomba uja ndinamupeza pa foni. Anavomera mosavuta, osaona cholakwa. Anakumana ndi munthu wa tsidya lija pamsika wa ku Marka, iye analibe bandulo, munthuyo analibe nthawi, ndiye anangojambula sikirini monga timachitira tonse ndi manambala ndi zotsatira za mayeso. Dzina la munthuyo sankalidziwa. Ndinamutukwana, iye n'kundidulira foni, ine n'kumuimbiranso kupepesa, chifukwa ndi yekhayo amene ankadziwa dera limene tchalitchicho chili.

Mwezi unali kutha. Ndinatseka shopu n'kuwoloka. Bwato linandisiya m'matope ofika m'mawondo, kenako kabaza, kenako wapansi m'minda yomwe mapira anagona chammbali onse, atakutidwa ndi mchenga. Mlamu anandipatsa malaya a mwamuna wake m'jumbo, kuti mwina alibe chovala. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndimukalipire nawo. Munthu wanji wosatumiza uthenga? Ndinkadziyankha ndekha kuti mwina anamenyedwa ndi chipika m'mutu, mwina anaiwala dzina lake, zimachitika.

Tchalitchi ndinachizindikira ndi khomo. Anthu ambiri anali atabwerera kwawo, kunatsala mabanja ochepa amene analibe kobwerera. Mkati munali mowala bwino, moti ndinadabwa. Ngodya ija inali ngodya wamba, ya laimu wosuluka, mungathe kuwerengamo nyerere. Mdima wonse umene unandizunza unali wa m'foni.

Mayi wina amene ankaphikira anthuwo anandifunsa m'Chisena chimene ndikufuna. Ndinamuonetsa foni, ndikuipendeketsa ndi manja awiri. Anadziloza yekha kutsogolo kwa chithunzi n'kuseka, kenako analoza pakona.

"Awa? Alipo. Ali kuseri, akusema mpini."

Ndinazungulira tchalitchi ndikugwira khoma. Kuseri kunali munthu atatsamira mtengo, bondo limodzi m'mwamba, mkono pa bondo, kasemasema ali pambali. Ndinaitana dzina la mng'ono wanga. Anadzutsa mutu.

Anali bambo wamkulu kuposa ine, wa imvi m'ndevu. Sindinapereke moni. Ndinamugwira nkhope ndi manja onse n'kuitembenuzira ku dzuwa, n'kupukuta chipumi chake ndi chala, mwamphamvu, ngati chipsera chingabisale pansi pa fumbi. Panali posalala ngati chikho. Anthu anayamba kusonkhana, wina atanyamula mpini, koma mkuluyo anawaletsa ndi dzanja.

"Nkhabe, mbale wanga," anatero. "Si ine."

Anandiuza kuti sindine woyamba. Kunabwera mayi wina wa ku Mlolo ndi chithunzi chomwecho, akuti anaona ndevu za mwamuna wake. Kunabweranso mnyamata wa ku Mbenje kufuna atate ake. Mkuluyo mwini, mkazi wake anapita ndi madzi omwewo, ndipo palibe anamubweretsera chithunzi chilichonse. Anaitanitsa madzi akumwa kuti andipatse. Ndinamwa nditakhala pansi pambali pake, ndikufuna kumumenya chifukwa chokhala moyo ndi kakhalidwe ka pansi ka mng'ono wanga. Ndinafunsa aliyense pamenepo za msodzi wa chipsera pa chipumi. Palibe anamuona, wamoyo kapena wakufa.

Ndinafika ku Bangula tsiku lotsatira masana. Mlamu anali atasesa bwalo lonse, ana atawasambitsa. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kumsewu, nthawi yaitali.

"Munamupeza munthu wa pakona uja?"

"Ndinamupeza."

"Munamuyang'ana pa chipumi, alamu? Inu mumapupuluma."

"Ndinamugwira ndi manja awa, mlamu. Padzuwa. Si iye."

"Mwina anakuonetsani wina."

"Si iye, ndikutero!"

Ndinakuwa moti nkhuku zinathawa. Iye sanalire pomwepo. Anawauza ana kuti avule zovala za ku tchalitchi zija asazidetse.

Kumeta kunachitika Loweruka, pa bwalo la abambo aang'ono. Panalibe manda oti tipiteko, tinangoyala mikeka pansi pa mtengo. Abale a mlamu anabwera kuchokera ku Nyachikadza. Wometa atatulutsa lumo, anaitana mkazi wamasiye, koma mlamu sanadzuke, manja atagwira duku lake. Anamuitananso. Azimayi anayamba kunong'onezana, ndipo abambo aang'ono anandiyang'ana ine.

Ndinadzuka n'kukagwada pa mkeka wa pakati.

"Yambani ine," ndinatero. "Ndine ndinamuona kuti kulibe."

Lumo linali lobuntha, linkakoka. Tsitsi langa likugwera pa mawondo, ndinamva kumbuyo kwanga mlamu akuyamba kulira maliro a mwamuna wake, koyamba chichokereni madzi aja.