Hutala wa Minibasi

Bambo akunyumba atadwala sitiroko, galimoto yathu inakhala pabwalo ku Nancholi miyezi iwiri, nkhuku zikubisala kunsi kwake. Laisensi ndinali nayo kuyambira kalekale, koma ndinkangoisunga m'chikwama ngati khadi la kusikelo. Kenaka adokotala anati mwendo wawo wamanja ukufunika mafizo kawiri pa sabata, ku Limbe, ndipo tikamajomba udzauma. M'minibasi sakanatha kukwera. Woyendetsa anatsala ine.

Ulendo woyamba ndinapemphera, ndinagwira chiwongolero ngati ndikukama madzi m'chovala, tinanyamuka. Titalowa mumsewu waukulu, minibasi ina inaliza hutala kumbuyo kwanga. Ina pambali. Inanso kutsogolo. Hutala aliyense ndinkamumva akuyankhula: choka apa mayi iwe, unaiba kuti laisensi, amuna ako uwapha lero. Pa raundabauti ya ku Chichiri galimoto inazima, ndipo ndinalira misozi yeniyeni pakati pa msewu. Tinabwerera pomwepo.

"Tawoloka nyanja theka, Mayi," anatero bambo pang'onopang'ono, pakuti lilime linali likadali lolemera. "Theka linalo tikawoloka liti?"

Sindinaseke. Tinajomba kawiri, ine ndikunamizira mutu. M'mawa uliwonse ndinkaona akukoka mwendo uja popita kubafa, ndipo mtima unkanditsutsa.

Lachinayi ndinapita m'tauni wapansi kukagula mankhwala awo. Ndili chiimire m'mbali mwa msewu, pipiii! Ndinadzidzimuka, phazi n'kufuna buleki pomwe panalibe buleki. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Limbe, mami? Malo alipo, mpando wa mabwana!"

Ndinapukusa mutu. Inabwera ina, pipiii, kwa abambo ena onyamula thumba la makala. Ina inalizira atsikana awiri amene sankapita kulikonse. Ina inalizira ngakhale mtengo wamagetsi, poti munthu anali ataima kuseri kwake. Ndinaima pamenepo mphindi zambiri, pakamwa yasa. Zaka zonsezi ndakwera minibasi, ndikudziwa bwino lomwe kuti hutala ndi woitanira anthu, koma nditakhala pa chiwongolero mantha anandiiwalitsa zonse. Madalaivala aja sankandiona n'komwe! Ankasaka okwera. Mawu onyoza aja ndinkawapeka ndekha, n'kuwaika m'kamwa mwa hutala.

Ndinathamangira kunyumba ngati mtsikana, mankhwala ndinachita kuwabwerera. M'njira ndinkakumbukira wophunzira wa Ambuye uja amene anayenda bwinobwino pamadzi kufikira atayang'ana mphepo. Ndinakumbukiranso kuti Malemba amatiuza kuti maganizo agwidwe ngati akaidi, ndipo tizilingalira zoona. Ine ndinkawatsegulira khomo onse, ndi kuwapatsa mpando.

"Bambo, sakulizira ine!" ndinakuwa ndisanalowe n'komwe.

"Mumayesa ndinu apulezidenti kodi, kuti Blantyre yense azikulizirani?"

Nthawi ino ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Lolemba tinanyamukanso. Tinagwirizana kuti hutala akalira ndizifunsa mokweza kuti, "Wanga kodi?" ndipo bambo aziyang'ana n'kuyankha. Pipiii! Wanga kodi? "Ayi, wa mayi wa nthochi uyo." Pipiii! "Wa ana asukulu." Mantha sanathe ndithu, koma tsopano ankachita kupempha chilolezo. Pa Chichiri ndinadikira mpata wanga, ndinalowa, ndinazungulira, ndinatuluka, injini osazima. Ndinayamba kuimba mosadziwa.

Tikuyandikira ku Limbe, galimoto ina inaliza kwanthawi yaitali.

"Wanga kodi?"

"Uyu yekha ndi wanu. Mwaiwala kuzimitsa indiketa kuchokera ku Chichiri."

Ndinazimitsa, ndinakweza dzanja kupepesa, dalaivala uja anadutsa osacheuka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinadabwa kuti ngakhale hutala wanga weniweni sanali chiweruzo. Anali uthenga chabe, wamfupi.

Tinafika mphindi khumi nthawi isanakwane. Ndinaimika galimoto mopendama, kutenga malo a awiri, ndipo mlonda anangondiyang'ana n'kumwetulira. Mkati, mayi wa mafizo anapinda bondo la bambo, analiwongola, anati lauma pang'ono koma tabwera nthawi yabwino. Anawaimika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira. Ndinawerenga ndi maso anga: phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Pa lachisanu anatembenuka, thukuta lili kamukamu.

"Lachinayi tibwerenso, adalaivala?"

"Tibwera," ndinatero. "Ambuye alipo."